Khonde Lopanda Nsanamira

Lolemba, sabata yachiwiri ya Okutobala

Lero tachotsa mitengo yochirikiza. Khonde laima lokha!

Ndilembe bwinobwino kuti adzukulu adzawerenge. Nyumba yosanja, yoyamba mbali ino ya Nsaru. Pansi sitolo, pamwamba chipinda chimodzi. Kutsogolo kwa chipindacho khonde la simenti, lotuluka panja mita imodzi ndi theka, lopanda nsanamira ngakhale imodzi. Langogwira kukhoma basi, ngati shelefu. Kunsi kwake mphepo yokhayokha.

Ndinaliona m'tauni chaka chija ndinkalondola za penshoni. Ndinaima pansi pake mpaka mlonda anandifunsa ngati ndasochera. Ndinati mumtima, zaka makumi atatu ndi ziwiri ndikudya fumbi la choko, nanenso ndikhale ndi chinthu choti anthu azichiona atakweza mutu.

A Lufeyo, mmisiri wanga, agwetsa mtengo womaliza cha m'ma teni. Odutsa aima. Wa kabaza wina wachita kutsika panjinga. Mayi wogulitsa tomato patsidya pa msewu akuti, "Aphunzitsi, mwaiwala nsanamira." Ndamuuza kuti sindinaiwale, ndi sayansi. Sanamve. Si mlandu wake, sanadutse m'kalasi mwanga.

Loweruka likudzali ndi chinkhoswe cha Tadala, mwana wanga wamkazi mmodzi yekhayo. Ndinalengeza kale kutchalitchi, pamaso pa mpingo wonse, kuti iye ndi Yohane adzaonekera pakhonde la m'mwamba, anthu ali pansi kuwaombera m'manja. Palibe anandifunsa. Mlembi anangoti kodi pali chilengezo china, ine ndinali nditaimirira kale.

Okwera Loweruka:
- Tadala
- Yohane, mwini nkhani
- ankhoswe awiri, uku mmodzi uku mmodzi
- ine
- a NaNkhoma, mayi a kunyumba
- a Kamwendo, bambo ake a Yohane, mlimi wa fodya wa ku Kabudula, aone kumene mwana wawo akukwatira
- mayi Kamwendo
- achemwali anga a Esime, chifukwa ndikawasiya pansi sadzandilankhula mpaka Khirisimasi
- wojambula zithunzi

Khumi ndendende.

Madzulo a NaNkhoma akusenda mtedza, maso ali pa lichero. "Kodi khonde lanulo likhoza kunyamula anthu angati?" Ndati ambiri. "Ambiri ndi angati?" Mkazi ameneyu sukulu analekera Sitandade 6, koma mafunso ake ndi a inisipekitala.

Ndaimbira a Lufeyo. Akuti, "Limanyamula, aphunzitsi, bola zitsulo zili pomwe ndinaziika." Ndiye kuti limanyamula. Mawu akumapetowo sindinawakonde kwenikweni, koma ndawasiya.

Lachiwiri

Ndadzuka ndi nzeru. Mphunzitsi sayankha ndi pakamwa pokha, amayesa.

Chimanga tili nacho, chaka chino mvula sinatinyoze. Thumba limodzi ndi makilogalamu makumi asanu. Munthu wamba ndi thumba limodzi ndi kachidutswa, koma kachidutswako ndakasiya, sitili pa mayeso a boma. Ndikweza matumba pakhonde, thumba lililonse kuimira munthu. Likanyamula chimanga, linyamulanso eni ake.

Ndatenga khala, ndalemba maina pamatumba, zilembo zazikulu ngati pabolodi. Achemwali a Esime ndawapatsa awiri, Esime 1 ndi Esime 2. Si chipongwe, ndi masamu. Ine ndadzilembera limodzi. A NaNkhoma akuti onjezerani theka la matama.

Onse pamodzi matumba khumi ndi limodzi.

Masitepe ndi khumi ndi anayi. Ndinawawerenga pomanga, koma lero ndiye tadziwana. Tadala ndakwera naye paphewa, osapuma. Yohane ndapuma naye kawiri. Pa nkhoswe woyamba msana wayankhula. Otsalawo ndawamasula, ndawakweza ndi ndowa, n'kukawathiranso m'matumba mwawo kumwambako. A Kamwendo akwera maulendo atatu. Ndapempha a NaNkhoma kuti anyamuleko ndowa imodzi, ya iwo eni. Akuti iwo sakwera, ngakhale ali chimanga.

Zondiwawa pofika masana:
- msana
- bondo lamanzere
- phewa
- kuseka kwa amayi a patsidya, omwe asiya tomato wawo n'kukhala pansi kuonerera

Matumba ndawandandalika motsata khoma, ngati ana pa asembule. Wojambula ndamuika pakona.

Kenaka chipangizo choyezera. Ndadula nsungwi yaitali, ndaiimika kuchokera pansi mpaka kunsi kwa khonde, kumapeto kwenikweni. Ikulowa bwinobwino, kutsala mpata wa chala chimodzi. Khonde likangotsika pang'ono, nsungwi indiuza. Amisiri a m'tauni amagula makina a zimenezi. Ine chikwanje basi.

Ndayeza masana: chala chimodzi. Ndayeza dzuwa litapendeka: chala chimodzi. Ndayeza nkhuku zikulowa: chala chimodzi!

Ndauza a NaNkhoma kuti yankho la funso lawo ndi khumi, ndipo malo a kwaya alipo. Atuluka, ayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, angoti, "Chabwino."

Zaka zonsezi tili limodzi, chabwino ameneyu ndimamuopabe.

Lachitatu

Chabwino wa dzulo uja wabereka.

Ndikumwa tiyi, iwo akusesa. "Kodi alendo anuwo adzakwera kuti akatsamire khoma?" Akuti munthu akakwera pakhonde amathamangira kumapeto, kukasuzumira pansi ndi kubayibitsa abale ake. Ndati kulemera n'kumodzimodzi, thumba ndi thumba, kaya lili apa kaya apo.

Sanatsutse. Andipatsa ndowa yamadzi kuti ndiigwire pachifuwa. Ndagwira. Akuti tambasulani mkono. Ndatambasula. Madzi onse m'nsapato.

Chondipweteka n'chakuti phunziro limeneli ndinkaliphunzitsa ndekha, ndi rula ndi mwala pamphepete pa tebulo. Katundu akatalikira pogwirira, mkono umamumva kawiri. Ana ankakhoza. Amene sanamve ndi mphunzitsi.

Ndakwera. Ndakokera matumba kumapeto, momwe anthu adzaimire Loweruka. Tadala ndi Yohane patsogolo penipeni, atatsamira zitsulo zotchinga. Ankhoswe uku ndi uku. A Kamwendo pambali panga. Ndikukoka Esime 2 ndamva kaphokoso. Kakang'ono ndithu, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi.

Ndaima phee. Ndabwerera chambuyo mpaka pakhomo, osatembenuka.

Zomwe ndaona:
1. Mzere wopyapyala ngati tsitsi pamwamba pa simenti, kutsata khoma, kuchokera uku mpaka uko.
2. Ndimu lomwe linali m'jekete lagwa, lagubuduzika lokha mpaka kumapeto, latsikira kumsewu. Palibe analikankha.
3. Nsungwi yanga sikulowanso.

Ndaiyesa mbali zonse. Ndaitembenuza. Ndakumba pang'ono ndi chidendene, mwina dothi lakwera. Ndaganizanso kuti mwina nsungwi imakulabe ikadulidwa, sayansi siinamalize zonse. Pomaliza ndatenga chikwanje, ndaidula kansonga. Tsopano ikulowa bwinobwino, chala chimodzi.

Pamng'alupo ndayalapo mkeka.

Mwana wasukulu akanachita zimenezi pa mayeso, ndikanamukumbitsa dzenje la zinyalala sabata yathunthu.

Ndauza a NaNkhoma kuti zonse zili m'malo mwake, kungoti pulasitala akupuma. Akuti, "Nanga achemwali anu akamva nyimbo adzaima ngati thumba? Matumba anuwo savina."

Masiku atsala atatu.

Lachinayi

Ndaitana a Lufeyo. Pafoni ndati abwere tikambirane za penti.

Afika ndi njinga, thukuta kamukamu, apita kuseri kukapempha madzi akumwa. Abwerako atagwira kachitsulo kopindika, nkhope yasintha.

"Aphunzitsi, timeneti tafika bwanji pathandala la mbale?"

Ndilembe zoona, popeza buku ili sililowa m'tchalitchi.

Tsiku lothira konkire, mwezi wathawu, a Lufeyo anali kumaliro ku Nambuma mpaka masana. Anasiya zonse atakonza: zitsulo zolukanalukana, zitakhala m'mwamba pa timipando tating'onoting'ono ta chitsulo chopinda. Ine kukwera, kupeza zitsulo zili m'malere, pansi pake mpata woti nkhonya n'kulowa. Ndinati mmisiri ameneyu chisoni chamusokoneza. Mphamvu ya nyumba imakhala pansi, ngakhale mwana wa Sitandade 1 amadziwa. Ndinauza amuna a ganyu aja kuti achotse timipando tonse, zitsulo zigone pansi. Mmodzi anayesa kunena kanthu. Ndinamufunsa kuti sukulu analekera pati. Anatseka pakamwa. Ndinazipondaponda ndekha ndi nsapato za kutchalitchi kuti zikhazikike. Timipandoto ndinakapatsa a NaNkhoma, ndinati taonani zomwe anthu amataya. A Lufeyo pofika, konkire anali atakwirira zonse, ine ndikumwa thobwa.

Ndawafotokozera zimenezi. Avula chipewa, akhala pansi padothi. Mwamuna wamkulu, wa adzukulu.

Kenaka apempha nzimbe. Aipanikiza patebulo ndi dzanja limodzi, theka lili panja. Akanikiza kumapeto. Yang'ambika pamwamba, pomwe tebulo lathera, kunsi kuli bwinobwino.

"Khonde lotere limang'ambikira pamwamba, pafupi ndi khoma. Chitsulo chimafunika pomwe pakukokekapo. Inu mwachigoneka pomwe palibe ntchito."

Ndawatengera kumwamba, ndachotsa mkeka. Sanapondepo. Agwada pakhomo, alowetsa chikhadabo mumng'alu. Dzulo chikhadabo sichikanalowa.

Ndafunsa, mawu ali pansipansi, kuti ndiye limanyamula angati. Akuti likanakhala momwe analisiyira, khumi angawo bwenzi akuvina, kwaya ikuimba. "Panopa likulimbana ndi kudzinyamula lokha." Akuti simenti yakeyo payokha ikulemera kuposa matumba anga onse kangapo. Chomwe chaligwira ndi zitsulo zingapo za m'mphepete, zomwe phazi langa silinafikepo. Kunena kwina, ndapulumuka chifukwa ntchito yowononga sindinaigwire mokwanira.

Malamulo a a Lufeyo:
- matumba atsike, koma munthu asapondepo
- pamwamba pasakwere munthu
- pansi pasakhale munthu
- mitengo yochirikiza ibwerere lero lomwe

Mitengo ija ndinaidulitsa Lolemba lomwelo. Nkhuni za chinkhoswe. Ndinati sitidzaifunanso mpaka kalekale. Ili kuseri, yowazidwa bwino, mulu wokongola.

A Lufeyo ayang'ana muluwo, ayang'ana ine, avala chipewa. Akuti afunafuna ina, koma mitengo yaitali chotero siipezeka tsiku limodzi.

Ndawapempha kuti nkhaniyi ikhale ya amuna awiri. Kutembenuka, a NaNkhoma ali pathandala, akupukuta mbale imodzi yomweyo kuyambira nthawi ya nzimbe ija. Angobwereka foni yanga, akuti akufuna kufunsa za nkhuku ku Kabudula.

Lachisanu

Ntchito ya m'mawa: kutsitsa alendo popanda kupondapo.

Njira yake: kugona chafufumimba pakhomo, miyendo m'chipinda, khasu lomangirira kunsungwi. Kukola thumba, kukoka pang'onopang'ono, kupemphera. Mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma, ali kwala pansi ngati buluzi.

Ankhoswe abwera mosavuta. Mayi Kamwendo abwera. Esime 1 ndi Esime 2 avuta, monga mwa nthawi zonse, koma afika. Thumba langa ndiye khasu lalibaya pamimba. Ndang'ambika. Ndakhuthukira kumsewu ndense, ngati mvula ya matalala. Nkhuku za mudzi wonse zabwera kudzandidya. Mayi wa tomato wabwera ndi lichero kudzandiwola zotsala.

Masana Yohane ndamukoka. Watsala Tadala yekha, kumapeto kwenikweni, khasu silikumufika bwino. Ndipo nthawi yomweyo Tadala weniweni watsika minibasi kuchokera ku Namitete komwe amaphunzitsa, chikwama kumanja, diresi la mawa lili m'pepala. Ndatseka chitseko cha khonde msangamsanga, kiyi ndaponya m'sokosi.

"Ababa, kiyi. Ndione pomwe ndidzaime."

Ndati wasowa. Ndamufunafuna naye m'nyumba monse, ndikutsimphina, chifukwa kiyiyo akundibaya pachidendene.

Kenaka ndakhala kuseri kwa sitolo ndi buku lomweli. Ndilembe zomwe ndachita, ngakhale dzanja likukana. Ndayamba masamu. Anthu awiri okha, osati khumi. Pafupi ndi khoma. Mphindi zisanu. Osavina. Tadala ndi wochepa thupi, Yohane ndiye bango. Khonde lanyamula matumba khumi ndi limodzi masiku atatu osagwa, lingalephere ana awiri? Mpingo udzaona zomwe ndinalonjeza, a Kamwendo adzakweza mutu, palibe adzadziwe kanthu.

Masamu atuluka bwino. Masamu amatuluka bwino ukamawafuna.

Ndakwera kuti ndikaone pomwe angaime. Ndatsegula chitseko. Thumba lija lili lokhalokha kumapeto, latsamira zitsulo, lapendekera kumsewu. Dzina lili kumbali yanga, zilembo za dzanja langa. TADALA. Pakati pa ine ndi iye mng'alu, ndipo kunsi kwake mulu wa njerwa zotsala.

Ndakhala pansi pakhomo pomwepo. Manyazi otere sindinawamvepo chibadwire, ndipo mantha ake ndi omwe ndinamva tsiku lomwe anakomoka ndi malungo ali ndi zaka zinayi. Ndinali nditatsala pang'ono kumuika mwana pamenepo kuti anthu anene kuti aphunzitsi sanama.

Ndamuitana. Ndavula nsapato, ndatulutsa kiyi pamaso pake. Ndamuonetsa mng'alu. Ndamuuza za timipando, za nsapato za kutchalitchi, za nsungwi yodula, ngakhale za masamu a kuseri kwa sitolo. Zonse.

Wayang'ana mng'alu, wayang'ana ine. Kenaka wayamba kuseka, mpaka wakhala pansi pambali panga, misozi ili mbwe.

"Ababa, ine ndinakuuzani liti kuti ndikufuna kukwera? Ngakhale mtengo wa mango sindinakwerepo. Ndimangosangalala poona inu mukusangalala."

Ndiye kuti mwezi wonsewu mwanayu wakhala akuopa khonde langa lili labwinobwino, osanena.

Thumba lake talikoka awiri. Iye wagwira miyendo yanga, ine khasu. Litadutsa mng'alu uja ndalikumbatira. Akuti, "Ababa, n'chimanga chabe." Ndati ndikudziwa.

A Lufeyo mitengo sanaipeze. Mawa anthu adzadza pabwalo, ndipo khonde lili pamwamba pa khomo la sitolo, pomwe aliyense amathawira dzuwa.

Loweruka

M'mamawa, tisanamalize kusesa, lole ya ku Kabudula yafika. Anthu, zitenje, nkhuku, madengu. Pamwamba pa zonsezo mitengo inayi yaitali ya bulugamu, ya mphanda kumutu.

A Kamwendo atsika, andigwira dzanja ndi manja awiri, ulemu wonse. "Asewere, tamva kuti chigafa chanu chikusowa mphanda. Tazula m'chathu, fodya tinagulitsa kale."

Chigafa. Nyumba yanga yosanja aitcha shedi ya fodya, ndipo ine ndati zikomo.

Ndayang'ana a NaNkhoma. Akuyang'ana nkhuku. Ndiye kufunsa za nkhuku kuja.

A Lufeyo atulukira ngati anapangana. Aimika mphandazo kunsi kwa khonde, apingasa thabwa lolimba pamwamba, akhoma timitengo topanikiza. A Kamwendo agwira nawo ntchito, jekete la suti ali nalo. Pomaliza agwedeza mphanda imodzi kuti aone ngati yagwira, n'kunena mosakweza mawu: "Ine fodya wouma, wopepuka ngati pepala, sindimukoloweka popanda mphanda. Inu mumafuna kukoloweka ana."

Ndangowathokozanso kachiwiri.

Amayi akulunga mphandazo ndi zitenje, azunguliza chingwe kuti munthu asalowe pansi pake. Mwambo wonse wasamukira pansi pa mtengo wa mango, womwe wakhala pamenepo zaka zonsezi osadzitama.

Mipando yachepa. Wina watulutsa matumba a chimanga aja kuti anthu akhalepo. Ndinaiwala kufufuta maina! Ankhoswe apeza awo, akhalapo. Mayi Kamwendo apeza lawo, asangalala. Ndikumva anthu akuti, "Aphunzitsi ndi adongosolo, mpaka mipando ya maina."

Achemwali a Esime aima kutsogolo kwa awo nthawi yaitali, akuwerenga. "Achimwene, bwanji ine awiri?" Ndati ndi ulemu, inu ndi azakhali aakulu. Akhalapo. Akwanira ndendende, osatsala malo ngakhale a chikwama. Masamu okhawo ndi omwe ndakhoza sabata ino.

Langa ndi lija long'ambika. Ndayala chiguduli chake pansi, ndakhalapo.

Mwambo wayenda bwino mpaka nthawi yosinthana nkhuku. Nkhoswe wa kuchimuna watulutsa tambala wofiira, wamkulu, kuti apereke kwa wathu. Chingwe cha kumiyendo chinali chomasuka. Tambala phuruu, pa lole. Anthu kumuthamangira. Phuruu, pakhonde. Wayenda mwachifatse mpaka kumapeto, pomwe panali thumba la Tadala, wakwera pachitsulo, wakupiza mapiko, walira.

Anthu onse mitu m'mwamba. Nthungululu, m'manja, wojambula akujambula. Ndendende momwe ndinkaonera m'maganizo kuyambira tsiku lija m'tauni. Ine ndagwira mpweya, maso pa mphanda.

Khonde lapirira.

Mlembi wa mpingo wandinong'oneza: "Munalonjeza kuti wa ku Kabudula adzaonekera pamwamba. Mwakwaniritsa."

Tadala wavina pansi, pafumbi, diresi lake lofanana ndi malaya a Yohane. Achemwali a Esime avina mpaka nthaka kumveka m'mapazi, ine ndikuganiza za Esime 1 ndi Esime 2 pamwamba paja. Kenaka Tadala wabwera kudzandidzutsa pachiguduli changa. Ndati msana. Akuti dzukani. Ndavina, moipa, pamaso pa mpingo wonse.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Mlembi atafunsa ngati pali chilengezo china, a NaNkhoma agwira jekete langa. Sindinali kudzuka. Ndimangokonza bondo.

Potuluka palibe wanena za khonde. Aliyense akungondipatsa moni wautali kuposa masiku onse, n'kufunsa za msana.

A Lufeyo adutsa masana. Akuti njira ndi ziwiri: nsanamira ziwiri za njerwa ndi mtanda wa konkire pamwamba pake, kapena kuligwetsa. Ndati nsanamira. Akuti tsiku lothira konkire ndidzapite kukacheza ku Kabudula, ndipo adzandiperekeza okha kukakwera galimoto. Ndavomera. Timipando taja atenga, a NaNkhoma atsala akudandaula thandala lawo.

Mayi wa tomato akuti, "Aphunzitsi, mwakumbuka nsanamira." Ndati ndakumbuka, mayi.

Tadala wabwerera ku Namitete, mawa ali m'kalasi. Ponyamuka waloza thumba lija. "Ili ndi langa, lili ndi dzina." Yohane amafuna kulinyamula, ndakana. Ndalisenza ndekha mpaka pasiteji, msana ukulira njira yonse, osalitula pena paliponse. Kondakitala waliponya kumbuyo ngati katundu wamba. Ndamuuza kuti aliike bwino. Wandiyang'ana ngati ndapenga.

Nsungwi ija ndaiponya pankhuni.

Tambala akadali kumwamba. Kutsika akukana, ndipo munthu woti akamutenge palibe, lamulo la a Lufeyo likadalipo. Ankhoswe akuti adikira. Wagona pachitsulo, akuyang'ana msewu, odutsa akumuloza. Malo amukomera, ndipo sindikumuda.

Funso la Lolemba lija ndiliyankhe pano, lilembedwe. Khonde la m'mwamba lopanda nsanamira, lomangidwa ndi a Lufeyo n'kukonzedwa ndi ine, limanyamula tambala mmodzi, pali mphanda zinayi za eni ake.

Ndaima pabwalo, ndikumuponyera chimanga cha m'thumba langa long'ambika. A NaNkhoma akudutsa ndi lichero, sanaime n'komwe.

"Pang'onopang'ono, bambo. Anganenepe."